Kadontho Kofiira Pakona pa Chithunzi

Anthu a mumsewu wawo anam'patsa dzina loti Chikwama chifukwa sankamuona wopanda katundu kumsana. Anali mayi wochepa thupi, ndiye ukamuonera kumbuyo unkangoona chikwama chikuyenda chokha ndi timiyendo tiwiri. M'chikwamamo munkakhala kamera yake, yaikulu ndi yolemera ngati njerwa, malenzi awiri ndi mabatire. Choimikira kamera cha miyendo itatu ankachimangirira pambali.

Sinali kamera yothamanga nayo paukwati ayi. Inali yofuna munthu wodekha. Mkati mwake, pamene kuwala kumafikira, panali potambasuka kuposa m'makamera wamba, moti chithunzi chake unkatha kuchikulitsa mpaka kudzaza khoma, tsamba lililonse likuonekabe bwinobwino. Mabatani ndi tizitseko take anazimata ndi labala kuti madzi ndi fumbi zisalowe. Chikwama ankajambula nayo mapiri, milatho ndi minda ya makampani, ndipo ntchito sinkamusowa.

Bungwe lina loteteza nkhalango linamuitana. Ankafuna chithunzi chachikulu cha chigwa chimene ankasamalira, choti achipachike pakhoma la ofesi yawo yatsopano. Mkulu wa bungwelo, bambo wamagalasi wolankhula ngati akuwerenga, anamutenga yekha pagalimoto mpaka pamene msewu unathera, kenako anakwera phiri wapansi.

Asanafike pamwamba mvula inayamba. Mkuluyo anathawira pansi pa thanthwe, koma Chikwama anangoimika miyendo itatu ija n'kukhazikapo kamera, madzi akuyenderera pamwamba pake.

"Mayi, chinthucho sichiwonongeka?" anafuula mkuluyo.

"Ichi? Amene adwale chimfine ndi ine, bwana. Ichi chimasamba."

Posuntha kufuna malo abwino, phazi la Chikwama linaterereka pa ndere. Anagwa chagada, choimikira chinapendekeka, kamera n'kumenya pamwala kuti kho! Sanayang'ane n'komwe bondo limene linali litang'ambika. Anakwawa, n'kuitola. Pakona panali patanyuka, utoto utasupuka, koma atadina inayaka ngati palibe chachitika. Anaipukuta ndi malaya.

Posakhalitsa mitambo inang'ambika. Dzuwa linagwera m'chigwa, nkhungu ikukwera m'mitengo, mtsinje ukunyezimira pamene unkakhotera kumanzere. Chikwama anajambula, magazi akutsikira m'sokosi. Kamerayo inkasunga chithunzi chilichonse pa makhadi awiri nthawi imodzi, ndipo malinga ndi zimene anagwirizana, atatsika phiri anatulutsa khadi imodzi n'kumupatsa mkuluyo.

"Ndingoisunga," anatero mkuluyo akuseka. "Kompyuta yanga ikangoona zithunzi zanu zolemerazi imakomoka."

Chipinda chimene Chikwama ankagwiriramo ntchito chinali kuseri kwa shopu ya telala. M'mawa mwake anakhala pamenepo, mwendo atausanjika pampando wina, makina osokera akulira kuseri kwa khoma. Anasankha chithunzi chabwino koposa n'kuyamba kuchiyendera chigawo ndi chigawo, monga ankachitira nthawi zonse, kufuna timadontho ta mvula timene tikanatsalira pa lenzi. Pakona ya kumanzere, pafupi ndi pokhotera mtsinje, anaona kadontho kofiira.

Anakulitsa. Kadontho kanasanduka lole. Anakulitsanso. Kumbuyo kwa loleyo kunali zipika zongodulidwa kumene, zoyera m'mabala, ndi amuna akukweza china. Lole inali yofiira koma chitseko chake chinali chabuluu. Pambali panaima munthu wa chipewa, dzanja limodzi m'chiuno, phewa lakumanja litatsika.

Chikwama anachotsa dzanja pa kompyuta ngati wagwira moto. Chitseko chabuluucho ankachidziwa. Analipo tsiku limene achimwene ake anachigula kwa ogulitsa zitsulo zakale, chakale chija chitaphwanyika. Phewalo ankalidziwanso. Linatsika chifukwa cha matumba amene achimwenewo ankasenza makolo awo atamwalira, iye ali kusukulu. Ndi iwo amene anamulera. Kamera yake yoyamba, kaphwanthiphwanthi kena, anamugulira ndi iwo.

Telala anasuzumira pakhomo kufunsa ngati bondo likupweteka. Chikwama anangogwedeza mutu.

Masana anapita kwa achimwene ake akutsimphina. Anapeza alamu ake akuyanika zovala, ndipo lole inali pabwalo, matayala ali matope okhaokha. Pansi pake panatulukira miyendo.

"Achimwene, tatulukani. Ndili ndi mawu."

Anatuluka akupukuta manja ndi chisanza. "Iwe, mwendowo watani? Chikamera chako chakuluma?"

Chikwama sanaseke. Anatulutsa foni n'kuwaonetsa chigawo chimene anakulitsa chija. Achimwene anayang'ana nthawi yaitali. Nkhope yawo inagwa.

"Unali kuti?"

"Pamwamba pa phiri. Kutali kwambiri. Sindinakuoneni n'komwe, ndaona lero."

"Kuchokera pamwamba pa phiri mpaka kuona chitseko changa? Ndi kamera imeneyo kapena ufiti?" Anayesa kuseka koma sizinatheke. "Chabwino. Fufuta."

"Khadi ina ili ndi eni ntchito."

"Eni ntchito ndani?"

Atawauza, achimwene anaponya chisanza pansi. "Ine ndimangonyamula! Macheka ndi anga? Munthu akandiitana kuti pali katundu, ndizimufunsa kuti mtengowu unabadwira kuti? Ana awa adya mafunso?"

"Mumadziwa kuti m'chigwa muja saloleza."

"Tamumvani! Lero ukundiphunzitsa malamulo iwe? Amene ndinkakupukuta mamina?"

"Bambo a ana, anthu akumva," anatero alamu chapansipansi, chovala chonyowa chili m'manja.

"Amve! Mlongo wanga weniweni wakwera phiri kukanditchera msampha."

"Sindinatchere munthu, achimwene. Ndimajambula mitengo."

"Ndiye ukonze. Iwe si umatha kuchotsa zipsera pankhope za anthu? Chotsa lole." Anagona pansi n'kulowanso kunsi kwa galimoto. Nkhani inathera pomwepo.

Kuchotsa lole sikunali kovuta. Tsiku lotsatira Chikwama anatenga masamba a mitengo yapafupi n'kuwamata pamwamba pa loleyo, pa zipika, pa amuna aja, pa chipewa. Posakhalitsa pakonapo panali nkhalango yokhayokha, yobiriwira bwino. Anaiyang'ana. Bungwelo linkafuna chithunzicho kuti lizionetsa alendo kuti chigwa chili bwino, ndipo iye anali atangobzala mitengo yabodza pamene yeniyeni inagwa. Anabweza zonse mmene zinalili. Kenako anachita china chimene anadziuza kuti si bodza: anadula mbali yonse ya kumanzere, lole ndi mtsinje womwe.

Anapita nacho ku ofesi ya bungwe atachisindikiza papepala laling'ono loyesera. Muofesimo munkanunkha penti, mipando idakali m'mapulasitiki. Mkulu uja anayala pepalalo patebulo, n'kukonza magalasi.

"N'chokongola. Koma mtsinje uja wapita kuti?"

"Ndaona kuti chikukhala bwino chonchi, bwana."

"Ayi mayi, pokhotera mtsinje paja ndi pamene pali mtima wa chigwa chonse. Ndinaona ndi maso anga dzuwa likuwala pamenepo. Kapena panalowa madzi? Musadandaule, khadi ija ndili nayo. Ndipita nayo kwa osindikiza, makompyuta awo ndi amphamvu, tikasankhe china."

Anatsegula kabati n'kuyamba kufufuza. Chikwama akanatha kunena kuti zithunzi zonse zinagwedera, kapena kupempha khadiyo kuti akaikonze. Koma sanatero.

"Bwana, siyani. Takhalani pansi."

Anawaonetsa pafoni chigawo chimene anadula chija. Mkuluyo anavula magalasi, n'kuyandikitsa foniyo kumaso, n'kuwavalanso.

"Tsiku lomwe lija? Ife tili pamwamba?"

"Eya."

"Nanga munadula chifukwa chiyani?"

"Wachipewayo ndi achimwene anga."

Mkuluyo anasisita chipumi. Panja wina ankakhoma msomali.

"Mayi, ndikumva chisoni," anatero pamapeto pake. "Koma m'chigwa chimenechi mlonda wathu anamenyedwa mwezi watha ndi anthu odula mitengo. Mpaka lero dzanja silikugwira. Sindikunena kuti ndi achimwene anu. Koma sindingayang'ane mlonda uja kumaso nditabisa ichi."

"Ndikudziwa," anatero Chikwama. Mawu ake anali ngati a munthu wina.

Atatuluka anawaimbira achimwene kuti amve kwa iye, osati kwa apolisi. Achimwenewo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako foni inaduka.

Zotsatira zake sizinachedwe. Lole inagwidwa n'kukaimikidwa kupolisi, kumene inakhala mpaka matayala anaphwa. Achimwene anawasunga masiku angapo. Zomenya mlonda zinapezeka kuti sizinkawakhudza, koma za mitengo sanathe kukana, ndipo anatchula amene anawatuma. Atatuluka analibenso galimoto. Munthu amene anazolowera kudzilamula yekha anayamba kuyendetsa lole ya munthu wina, kunyamula mchenga, kulalatiridwa ndi mwana wamng'ono kwa iwo.

Chithunzi chinapachikidwa chathunthu, mtsinje ndi lole yomwe. Pa tsiku lotsegulira ofesi anamuitana Chikwama koma ananamizira bondo. Ntchito zinapitirira kubwera, zina chifukwa cha chithunzi chomwecho. Ankapita, n'kujambula pafumbi ndi padzuwa, kamera yonyuka pakona ija ikugwira ntchito ngati kale. Koma akabwerera kuseri kwa telala, ankazengereza asanayambe kukulitsa, ndipo nthawi zina ankapempha telalayo kuti akhale naye m'chipindamo azicheza.

Foni ya achimwene inkangoitana. Achibale ena anasiya kumupatsa moni, ena ankamuimbira kumuuza kuti anachita bwino, ndipo amenewa ndi amene ankamutopetsa kwambiri.

Tsiku lina nyengo yozizira itayamba, anakumana ndi alamu ake pamalo okwerera basi. Anali ataonda. Chikwama anafuna kuwalandira thumba limene ananyamula koma iwo analikokera kumbuyo.

"Ali bwanji achimwene?"

"Ali moyo. Msana ukuwavuta." Anayang'ana kumsewu. "Dzina lanu salitchula, alamu, ndisakunamizeni. Inenso masiku ena ndimakukwiyirani. Masiku ena ndimakwiyira iwo."

Kenako alamuwo anawonjezera:

"Koma ana akundisowetsa mtendere, akuti azakhali anatitaya. Mubwere Loweruka masana. Iwo amakhala ali kumchenga mpaka madzulo."

"Akadzamva?"

"Adzamva kwa ine. Nyumbayo ndi yanganso."

Basi inafika, alamu anakwera osatsanzika. Chikwama anaima pomwepo mpaka inakhota, kenako anawoloka msewu kukafunsa m'sitolo ngati anali ndi mabisiketi amene ana aja ankakonda.