Nsapato Zogona M'sutikesi

Vuto linayamba ndi nsapato. Chinali chaka cha 1996, masiku amene msewu wa ku Liwonde unkakhala zii, galimoto kudutsa mwa apo ndi apo, ndipo mtsikana akavala kabudula anthu ankatuluka m'nyumba kudzaonerera. Domasi inali yokoma nthawi imeneyo. Mango ankaolera pansi.

Mervis, mwana wa mai Dyna Stephano, anali atangolemba mayeso a Fomu 4 pomwe analowa m'gulu la a Makaiko, mphunzitsi wa masewera wopuma pantchito. A Makaiko ankakonzekeretsa achinyamata mpikisano wa marathoni: makilomita 42, kunyamuka ku Zomba, kukatembenukira cha kufupi ndi Malosa, n'kubwerera. M'gulumo munalibe amene anathamangapo mtunda wotero. Anawayambitsa pang'onopang'ono, n'kumawonjezera mtunda mlungu uliwonse kwa miyezi inayi.

Poyamba mai Dyna ankanyoza. "Kuthamanga popanda chokupirikitsa? Ngati mphamvu zakuchulukira, ndowa ndi iyo, mjigo ukuudziwa."

Koma ataona mwana wawo akusiya anyamata kumbuyo, atavala nsapato zakale zong'ambika kuchala, anasintha maganizo. Anapita pa kaunjika ku Songani, napeza nsapato zoyera, zooneka ngati sizinapondepo pansi. Ananenerera mpaka wogulitsa anagwira mutu, nati, "Tengani mayi, mungandithere malovu." Atafika kunyumba anazikulunga m'nyuzipepala n'kuzitsekera m'sutikesi momwe munkagona zovala za Khirisimasi. Kiyi anamangirira pamfundo ya chitenje.

A Makaiko atamva, anabwera pa njinga.

"Mayi, mwachita bwino kumugulira mwana nsapato. Koma ayambe kuzivala mawa."

"Azivalire m'fumbi lomweli?"

"Nsapato imafunika izolowerane ndi phazi. Kwatsala milungu itatu. Ayambe ndi mtunda waufupi, tione pomwe zikumuluma. Phazi limatupa munthu akathamanga nthawi yaitali. Zikakhala zothina, mpata wosintha ulipo."

"Aphunzitsi," anatero mai Dyna, "ine sukulu ndinalekera Sitandade 2, koma chinthu chatsopano ndimachidziwa. Munaonapo munthu akulima atavala diresi la Khirisimasi? Tsiku lalikulu ndi tsiku lalikulu. Mwana wanga asakaoneke ngati wamasiye pamaso pa anthu a ku Zomba."

A Makaiko atachoka, mai Rhoda a nyumba yoyandikana anasuzumira pa mpanda. "Mwawayankha bwino, achemwali. Zikamuluma mungomupaka mafuta ophikira kuchidendene, nkhani yatha."

Mervis anapempha nsapatozo kawiri. Kachitatu mayi ake anangomuyang'ana ndi diso loipa, ndipo anadziwa kuti sutikesi siitseguka.

Tsiku la mpikisano kunacha ndi chiperoni. Mai Dyna anaima pamphambano ya Domasi ndi anzawo a Mvano, atanyamula nthochi ndi chigubu cha madzi. Othamanga atatulukira kuchokera ku Naisi, Mervis anali wachitatu mwa akazi, nsapato zili mbee. Mai Dyna anaimba nthungululu mpaka mawu kusasa. Kutsimphina kwa mwanayo sanakuone. Maso anali pa nsapato.

Pobwerera anthu anayamba kudutsa. Anadutsa anyamata, anadutsa atsikana, anadutsa ndi bambo wina wamimba ngati mtsuko. Mervis osaoneka. Dzuwa litakwera ndi pomwe anatulukira, akuyenda ngati akuponda makala, a Makaiko akukankha njinga pambali pake. Atafika pa mayi ake anangokhala pansi.

Mai Dyna anamasula zingwe okha. Sokosi zinali zitamatirira. Matuza anali ataphulika kuchidendene konse, magazi atalowerera m'nsalu yoyera ija, ndipo chikhadabo cha chala chachikulu chinali chitada bii.

"Apa walekera pomwepa," anatero a Makaiko. "Akakakamira, zilondazi zikula. Mukazitsuke ndi madzi owiritsa othira mchere, mawa akaonedwe kuchipatala."

Mervis sanalire mokweza. "Amayi, mpweya ndinali nawo. Miyendo inalibe vuto. Ndikanamaliza, amayi. Miyezi inayi yonse ija."

Mai Dyna anayang'anitsitsa mapazi aja. A Makaiko atati atsegule pakamwa, mayiwo anawakwezera dzanja.

"Musanene, aphunzitsi. Ndamva."

"Mumukweze pa njingayi," anatero a Makaiko.

"Ayi."

Mai Dyna anagwada, nabereka chitsikana cha zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, namanga chitenje pachifuwa. Miyendo ya Mervis inkangotsala pang'ono kukhudza pansi. Akudutsa pa golosale, bambo wina anakuwa: "Mai Dyna, khanda lanulo liyamba liti kuyenda?"

"Ndamupundula ndine, ndimubereka ndine," anayankha osacheuka. "Inu imwani tiyi wanuyo."

Mervis anachira. Anayambanso kuthamanga m'mawa uliwonse, kudikira chaka chotsatira. Koma mpikisano uja sunachitikenso, chaka chimenecho ngakhale china. Kenako kunabwera ukwati, ana, geni pamsika wa ku Balaka. Mervis mpaka lero sadziwa kuti akanakhala wachingati, ndipo mayi ake, amene sanagonjepo pa mkangano uliwonse, nkhani ya mpikisano ikayamba amadzuka n'kupita kukasesa panja.

Phunziro: Marathoni si ukwati woti ukaonetsereko zatsopano. Nsapato, sokosi, ngakhale chakudya, uyambe wazizolowera pokonzekera, osati kuziyesera pamsewu. Ndipo inu makolo, odziwa akalankhula za thupi la mwana wanu, tsekani pakamwa mumve. Chovala chikang'ambika mudzagula china, koma tsiku la mwana likadutsa silibwerera.