Manja Anayi pa Bawuti Imodzi

"Ndinu, a Kuwahara! Ndinu mwandiphera injini. Ndinakuonani ndi maso angawa ndili chapatali, mutagwada pansi pa galimoto yanga, sipanala ili m'manja!"

A Kuwahara anali asanavule n'komwe chipewa. Anaima pakhomo pa galaja ya Mayi Ishizuka atanyamula tizitini ta khofi wotentha tomwe anagula pamakina a pakona, n'kumandiyang'ana ngati galu wawauwa pakhomo pawo pomwe.

"Wadzuka bwanji nawenso, Tsugumi," anatero. "Ine ndimati ndabwera kudzathandiza kutsitsa injini."

"Munathandiza kale dzulo. Zakwana."

Dzulo lakelo linali tsiku la kalabu yathu kubwalo la kuphiri, komwe timapita kukathamangitsa magalimoto popanda wapolisi. Kwa ine kanali koyamba kulowa ndi galimoto yangayanga. Inabwera m'mabokosi kuchokera ku England, ndipo ndinaimanga ndekha pakona ya galaja ya Mayi Ishizuka, ndikaweruka kuntchito, ndikuonera mavidiyo pafoni. Ilibe denga, ilibe zitseko. A Kuwahara, omwe ndi mmodzi wa akuluakulu a kalabu, amaitcha bafa la matayala.

Bafa langalo linathamanga bwino m'mawa wonse. Masana, pakhona lalitali lotsetsereka, kanyali kofiira kochenjeza za oyilo kanayaka, ndipo ndisanachotse n'komwe phazi, injini inagogoda, gu gu gu, kenako zii. Bawuti yotsekera oyilo kunsi kwa injini inali itagwa. Oyilo yense anatayikira mumsewu kumbuyo kwanga, ndipo woyamba kumuponda anali a Kuwahara omwewa. Anazungulira ngati nguli n'kukagunda matayala otchinga m'mbali. Mbendera yofiira inakwera, anthu onse anatsika m'magalimoto kukawaza ufa woyera womwa oyilo ndi kusesa, ndipo tsiku linathera pomwepo.

Mwini bwalo sanachulutse mawu. Kalabu isabwerenso mpaka wolakwa atapita kukapepesa, ndipo wolakwayo asapondeko nyengo yonse ikubwerayi. Bwalo lina lapafupi kulibe, ndipo galimoto yanga siloledwa mumsewu wamba. Kundiletsa kumeneko ndi kundiuza kuti ndinaimangira kuti izikhala pamajeke, akangaude azimangamo nyumba.

Ndinatulutsa bawuti ija m'thumba. Anaitola ndi anthu osesa.

"Taonani," ndinatero. "Mukuona kachitsulo kapiringizikaka? Amenewo ndi mazinga a mbale ya oyilo. Asupuka onse. Ine ndinamanga ndi sipanala yoyezera, ija imalira bawuti ikalimba mokwanira, inalira kuti tha, ndinasiya. Wina anaimanga mopitirira muyeso, ndipo bawuti sidzimanga yokha."

A Kuwahara anaika tizitini pabenchi, n'kutenga bawutiyo, n'kuiyandikitsa kumaso.

"Ndinangoigwira pang'ono," anatero motsitsa mawu. "Pang'ono kwambiri. Monga timachitira."

"Monga mumachitira ndani?"

Mayi Ishizuka, omwe anali pansi pa galimoto akumasula mbale ija, anatuluka chagada pakabedi kawo ka mawilo. Ndi mayi wa imvi, manja ngati a mlimi, ndipo ndi iwo anandipatsa malo pamene ena onse ankandiseka.

"Kumpatsa dzanja," anatero. "Watsopano akamalowa m'bwalo koyamba, akuluakulu amadutsa n'kukhudza bawuti ya oyilo ndi sipanala. Kuopa zomwe zachitikazi."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Ukamuuza ndiye kuti wamuuza kuti sumukhulupirira," anayankha a Kuwahara. "Timachita mwakachetechete, kuti mwana asachite manyazi."

Ndinatsala pang'ono kuseka. Ndinali nditabwera ndi mkwiyo wokonzeka bwino, wa munthu amene wandichitira nsanje. Tsono uyu akuti anandiphera injini pondilemekeza. Ndipo galimoto yake yomwe ili kwawo mphuno itaphwanyika chifukwa cha oyilo wanga.

Pomwepo kunja kunaima galimoto, ndipo analowa a Nonomura, wapampando wa kalabu. Lamulungu lonse atavala jekete ndi tayi. M'manja ananyamula bokosi la makeke lokutidwa ndi pepala lokongola, la mtundu womwe munthu amanyamula akamakapepesa.

"Tsugumi, mwanawe, zonse ndakonza," anatero. "Mwini bwalo akudikira masana ano. Ukavale zakuda, ukawerame kwambiri, usakachulutse mawu. Ine ndikuperekeza mpaka pachipata."

"Sindipita. Wolakwa ndi uyu apa. Wavomera yekha kuti anamanga bawuti yanga."

A Nonomura anayang'ana a Kuwahara. Kenako anayang'ana bokosi lawo. Kenako anakhosomola.

"Iwe unagwira nthawi yanji, Kuwahara?"

"Pomwe mwanayu amakalembetsa dzina."

"Aaa," anatero a Nonomura, n'kukanda kumbuyo kwa khutu. "Ine ndinagwira pomwe amakatenga chisoti."

"Nanunso?" ndinakuwa.

"Ndinangoikhudza pang'ono. Inali yolimba kale."

"Nanga ngati inali yolimba kale, munaimangiranji?"

"Ndikanadzuka osaigwira? Wapampando? Anthu akanati chiyani?"

"Ndiye iwe unabwera pambuyo panga," anatero a Kuwahara, nkhope ikuwala ngati munthu wapeza ambulera mvula ikuyamba. "Ine nditachoka inali bwinobwino."

"Usandinamizire, nkhalamba iwe. Dzanja lako timalidziwa tonse. Ndani anathyola chogwirira cha ketulo ya kalabu?"

"Ketulo ija inali yowola!"

Ndinatembenukira kwa Mayi Ishizuka kuti andithandize kuwakalipira. Ndinawapeza akupukuta mbale ya oyilo ndi kansanza, akupukuta malo omwe anali oyera kale.

"Mayi?"

"Khofi akuzizira," anatero.

"Mayi Ishizuka."

"M'mawa, tisanakweze galimoto pangolo," anatero osandiyang'ana. "Iwe unali kuchimbudzi. Ndinaigwira ndi zala zitatu zokha pasipanala, mwanawe. Zala zitatu."

Ndinakhala pansi patayala. M'mutu munangoti balala. Anthu atatu, aliyense pang'ono, aliyense mondifunira zabwino, ndipo aliyense osadziwa za mnzake chifukwa mwambo wake ndi wa kachetechete. Mbale za magalimoto awo ndi zachitsulo cholimba, zimapirira manja a kalabu yonse. Yanga ndi ya chitsulo chofewa chopepuka chija. Ndinayesa kupeza woti ndimuloze chala, koma chala chinkangoyendayenda.

"Komanso," Mayi Ishizuka anawonjezera, "sipanala yoyezera ndinakubwereka ija ndi yakale. Nthawi zina imalira mochedwa. Mwina pomwe iwe unkamva tha, mazinga anali atayamba kale kulira."

"Ndiye mukuti ndine?"

"Sindikuti ndiwe. Ndikuti sindikudziwa."

Tinatsitsa injini tonse anayi, chifukwa tcheni chonyamulira injini chinali chitakoledwa kale ndipo palibe ankadziwa china choti achite. A Nonomura anavula jekete n'kuponyera tayi kumsana. Titatsegula, tinapeza mabeyalingi atasungunuka n'kumatirira, chitsulo chitasanduka chabuluu ndi moto. Ndinagwira pisitoni imodzi yomwe ndinailowetsa ndekha m'nyengo yozizira, zala zitauma, ndipo maso anandiwawa.

"Zitsulo za mkatizi ndili nazo kunyumba," anatero a Kuwahara. "Zakhala m'bokosi zikudya malo. Ndikupatsa. Bafa lako liyendanso."

"Mazinga tiboola n'kuikamo atsopano olimba," anatero Mayi Ishizuka. "Ntchito ya tsiku limodzi."

"Ndipo mwini bwalo ndimamudziwa," anatero a Nonomura. "Amakwiya msanga, amaiwalanso msanga. Mwana akapita kukawerama, amati ndi ubwana, mwina chilango achifupikitsa. Koma akamva kuti akuluakulu atatu anaphwanya bawuti ya munthu, sanena kuti ndi Kuwahara kapena Nonomura. Anena kuti ndi kalabu. Atitsekera tonse, ndi iwe womwe. Ukumva kusiyana kwake?"

Ndinamva. Chimene chinandisokoneza kwambiri n'chakuti ndinamva. Sankanama. Ndikawerama ndekha, anthu ena onse apitiriza kuthamanga, injini yanga ikonzedwa, ndipo ine ndikhala panja pa mpanda ndikuwaonera, dzina langa lili la mtsikana uja sadziwa kumanga bawuti. Ndikakana, mwina tonse tikhala panja. Ndipo mwina, mwina, sipanala ija inalira mochedwa.

"Nanga tikapita tonse anayi?" ndinafunsa.

A Kuwahara anayamba kusanja mabawuti pabenchi.

"Sizichitika choncho," anatero a Nonomura. "Wopepesa amakhala mmodzi. Galimoto ndi yako. Dzina lolembedwa pachitseko ndi lako."

"Ilibe chitseko."

A Kuwahara anaphulika kuseka, n'kudzigwira pakamwa msanga.

"Ndipo Loweruka likubwerali kukabwera watsopano wina?" ndinafunsa. "Mudzampatsanso dzanja? Mmodzimmodzi, mwakachetechete?"

"Mwambowu wapulumutsa injini zambiri," anatero Mayi Ishizuka.

"Yanga yaupulumuka?"

A Nonomura anayang'ana wotchi yawo, n'kutola jekete. Anakankhira bokosi la makeke kwa ine pabenchi, mwaulemu, ndi manja awiri. Pakona pa pepala lokongola lija panatsala chidindo cha chala chawo chakuda ndi oyilo.

Ndinalinyamula. Linali lopepuka modabwitsa. Ndinayenda nalo mpaka pakhomo, ndipo ndinamva onse atatu akupuma pamodzi kumbuyo kwanga. Kupuma kumeneko ndi komwe kunandibweza. Ndinabwerera n'kuliika pamwamba pa injini yotsegulayo, pakati pathu, n'kuika bawuti ija pamwamba pake.

"Ine sindikudziwa kuti mazinga anaduka m'dzanja la ndani," ndinatero. "Inunso simukudziwa. Ndinagwira, ndipo gawo langa ndiwerama. Koma ine ndinagwira galimoto yanga, masana, ndikudziwa. Inu munagwira ya mwini, mobisa. Sindikwera phiri lija ndekha kukanena bodza loti ndinali ndekha. A Nonomura, siyani kuyang'ana wotchi. A Kuwahara, mabawuti amenewo asanjika kale. Mayi, inu munandiphunzitsa kuti wamasula ndiye amanga. Ndikufunsa nonse atatu, ndipo sindichoka pano musanandiyankhe. Ndani agwire mbali inayo ya bokosili, tikapepese limodzi?"