Kalata ya Pansi pa Mulu

Patuma, katswiri wa makompyuta wa ku Boma, atafika pa esiteti Lachinayi masana anapeza kabati ya seva, kompyuta yotumiza maimelo, ataifunditsa chitenje cha Chigwirizano. Anavula chipewa cha njinga yamoto, n'kukonza mpango wake kumutu. Mu ofesimo munali anthu awiri: a Mphepo, manijala wa esiteti yemwenso anali mkulu wa mpingo ku Kaomba, ndi Elube, kalaliki wawo, mwana wa mlongo wawo.

"Yamwalira liti?" anafunsa Patuma. "Bwanji osandiuza ndibwere ndi chipepeso?"

"Musaseke, mayi," anatero a Mphepo. "Chizimireni magetsi Lolemba m'mawa, palibe imelo yomwe yatuluka muno. Mabelo a fodya adzaza shedi, a malole sakubwera chifukwa sanamve kanthu. Ndiye dzulo makinawa atilembera okha kalata. Elube, aonetse."

Elube anatsegula kalatayo pa sikirini. Pamalo pa dzina la wotumiza panalembedwa MAILER-DAEMON.

"Sukulu ndinalekezera Fomu 2, koma liwu lachiwirilo ndimalidziwa," anatero a Mphepo. "Ndi chiwanda chimenecho."

Patuma anaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Bwana, akanakhala majini ine ndikanathawa poyamba. Limenelo ndi dzina chabe la antchito osaoneka a m'makinamu. Akungokuuzani kuti makalata anu achedwa."

Elube sanaseke nawo. Kwa iye kuchedwa kumeneko kunali chisomo, ndipo Patuma anabwera kudzachichotsa.

Lolemba lomwelo, magetsi atangoyaka, Elube analembera kalata Raymond, chibwenzi chake. Raymond ankagwira ntchito pa famu ina ku Joni. Foni anamubera, choncho ankawerenga maimelo pa kompyuta ya mu ofesi ya abwana ake. Lamulungu munthu wina anali ataonetsa Elube chithunzi cha Raymond atanyamula khanda, pambali pake pali mkazi womwetulira. Elube analemba mtima ukuwira. Ananena kuti chikole abweza, za chinkhoswe cha mu Ogasiti ziiwalike. Pomaliza anawonjezera mawu amene sanali ake, mawu amene ankawamva kwa achibale: mwana wa tenanti alibe mudzi, n'chifukwa chake alibenso mawu amodzi.

Lachitatu azakhali a Raymond, amene ankasankha fodya m'chigafa cha kumunsi, anamuonetsa chithunzi chomwecho mosangalala. Mkaziyo anali mlongo wake wa Raymond wa kunyumba ina ya bambo awo. Khandalo analitcha dzina la malemu bambo awowo, amene anachoka ku Phalombe n'kudzafera pa esiteti yomweyi ali tenanti. Elube anadziwa kuti za chikole Raymond akhoza kuziseka. Koma chiganizo chomaliza chija sakanachikhululuka mpaka kumanda.

Kalatayo inali isanachoke. Inali penapake m'kabati yachitsuloyo, imene kiyi wake ankalendewera pa lamba wa malume ake. Ndipo malume akewo ndiwo anayamba kunena za mwana wa tenanti. Akanadziwa zimene zinali m'kalatamo, bwenzi atainyamula okha mpaka ku Joni.

Patuma anakoka mpando. Kunja mwera unkaomba pa minda yokololedwa, kukweza fumbi lofiira pakati pa mapesi a fodya, ndipo ku shedi jeke inkalira pamene amuna ankadinda mabelo. Sikirini inada, n'kudzaza timizere toyera.

"Bwerani muone, bwana," anatero. "Umu muli kapitawo. Iyeyo sanyamula kalata, ngati mmene kapitawo wanu sanyamulira khasu. Ali ndi mndandanda wa antchito ake. Wina amalandira makalata pakhomo, wina amawayeretsa n'kuwalemba nambala, wina amasunga mzere, wina ndi mthenga wopita nawo kunja. Ntchito ikapezeka, kapitawo amadzutsa woyenera. Ikatha amamulola agone. Amawerenganso kuti asachuluke n'kumapondana."

"Nanga akulephera pati, poti ali ndi anthu?"

"Mthenga ndiye akufa. Magetsi aja anawononga kafayilo kamene amawerenga asananyamuke. Akangodzuka, n'kukatsegula, basi wagwa. Kapitawo akaona kuti munthu wafera pakhomo, sathamangira kudzutsa wina. Amadikira mphindi imodzi. Taonani apa."

Anadikira onse atatu. Mzere watsopano unatulukira pansi pa sikirini, kenaka wina.

"Wadzutsa. Wafa," anatero Patuma. "Chiyambire Lolemba, mphindi iliyonse. Apitirira zikwi zinayi."

A Mphepo anapukusa mutu. "Kapitawo wouma mtima chotere sindinamuonepo."

Masiku onsewa Elube akugona, akusamba, akuyenda pa msewu wa m'mabulugama, m'kabatimu wina ankadzutsidwa kuti anyamule kalata yake, n'kumagwa asanafike pakhomo. Anafunsa, mawu ake akuyesa kukhala ngati a munthu wongofuna kudziwa:

"Achemwali, nanga akapanda kukonzedwa, makalatawo amatani?"

"Akakwana masiku asanu amabwerera kwa eni ake. Mkuja, Loweruka m'mawa, bwenzi onse atabwerera. Mwachita mwayi ndabwera lero."

Masiku awiri okha. Elube anayang'ana msana wa Patuma. Akanangoti, achemwali, tiyeni panja pang'ono. Koma malume ake anali ataima pomwepo, manja kumbuyo, fungo la fodya wouma likuchokera m'jekete lawo, ndipo anali munthu wosalola kunong'onezana mu ofesi mwawo.

Ntchito yeniyeniyo sinatenge nthawi. Patuma anapanganso kafayilo kaja. Kenaka anaona mthenga wina amene anangouma osafa, osayenda.

"Uyu watsalira, ndimuphe," anatero, n'kulemba timawu tiwiri. "Netiweki yanu ndi yofooka, ndiye ndamuuza kapitawo kuti azitumiza mthenga mmodzi yekha, kalata imodziimodzi. Makalata alipo makumi asanu ndi limodzi kudza atatu. Mphindi ikakwana ayamba. Bwana, tandionetsani batire la sola lija, lisadzatichitenso chipongwe."

Anatuluka awiriwo. Chitseko chinamenyeka ndi mphepo.

Elube anakhala pa mpando wa Patuma, uli wofunda. Anayamba kuwerengera. Kalata yake inali ya Lolemba m'mawa, yoyamba kulowa. Mu shedi, belo loyamba kudindidwa limakhala kumapeto kwa khoma, ena onse n'kuliunjikira, ndipo lole ikabwera amayamba kukweza a pakhomo. Pa tebulo lake pomwe, pepala la pansi pa mulu ndilo limagwiridwa komaliza. Choncho yake inali pansi. Pamwamba pake panali makalata makumi asanu ndi limodzi kudza awiri. Nthawi inalipo.

Mizere inali itayamba kale kuyenda. Chingerezi chake chinali chachilendo, chodzaza manambala, koma nambala ya makalata otsala, imene Patuma anaisiya pakona, inkawerengeka bwino. 61. 60. Inkatsika msanga kuposa mmene ankayembekezera. 57.

Anali ataona zala za Patuma. Anadina batani la muvi woloza kumwamba, timawu tiwiri tophera mthenga tija tinabwerera pa sikirini. Anadina.

Nambala inaima pa 55.

Anagwira pakamwa. Wapha munthu wosaoneka, ndipo palibe chimene chinalira. Pa zenera ankaona a Mphepo akuloza denga la kanyumba ka batire, Patuma akugwedeza mutu. Patumayo akanangobwera yekha. Akanangoiwala kenakake n'kubwerera.

Mphindi itakwana, mzere unatulukira. Kapitawo wadzutsa wina. 54. 53.

Anaphanso. Nambala inaima. Anayang'ana wotchi ya pakhoma, kamuvi kake kakuzungulira. Anaganiza zopha kapitawo yemweyo, koma dzina lake lenileni sankalidziwa. Anagwada kuyang'ana kuseri kwa kabati, n'kupeza kuti mawaya onse analowa m'khoma kudzera m'paipi yachitsulo. Pamene amadzuka, mthenga wachitatu anali atanyamula kale makalata anayi.

Anapha wachitatuyo, ndi wachinayi, ndi wachisanu. Aliyense asanagwe ankakhala atathawitsako imodzi kapena ziwiri. Kapitawoyo sankakwiya, sankafunsa kuti akuchita zimenezi ndani. Ankangodikira mphindi yake n'kudzutsa wina. Elube anazindikira kuti iye ndiye adzayambe kutopa. Zala zake zinali zitanyowa, ndipo pa batani panatsala chidindo cha thukuta. 41.

Chitseko chinatseguka. Anali Patuma, yekha, akupukuta girisi m'manja.

"Malume anu apita ku shedi, akuti jeke yaphwanya belo. Atha angati?" Anasuzumira pa sikirini, nkhope yake n'kusintha. "Iii! Ndani akundiphera anthu anga?"

Elube anaimirira. "Ndine, achemwali."

"Inu? Asisi, mutu uli bwino? Abwana anu akulira malole kunjaku, inu muli pano kuchita chiwembu?"

Mawu anatuluka osakonzeka, akupunthwa. Ananena za chithunzi, za azakhali, za chikole. Chiganizo chomaliza chija anachinena motsitsa, maso ali pa simenti. Patuma anamvetsera osamudula. Atamaliza, anatseka chitseko ndi phazi.

"Ndiye nthawi yonse ija ndinali pano, osanditsina bwanji?"

"Malume anali pomwepo."

"Mukanati mukufuna ndikuperekezeni kuseri. Akanatitsatira kumeneko?" Anakhala pansi msanga. "Kupha mthenga sikuthandiza, mukudziwa kale. Kalata imachotsedwa pa mzere, basi, lamulo limodzi. Ndiimitse kaye kapitawo." Analemba, mizere yonse inaima. Mu ofesi munangotsala phokoso la mphepo pa malata. "Adiresi yake?"

Elube anaitchula chilembo ndi chilembo. "Ili pansi penipeni," anawonjezera. "Ndi ya Lolemba m'mawa. Sanaifike."

Zala za Patuma zinaima m'mwamba.

"Pansi?"

"Pansi pa mulu. Inali yoyamba kulowa."

Patuma anafufuza pa mzere wa makalata otsala, kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kubwerezanso. Kenaka anatsegula kaundula wa zimene zachitika, n'kubwerera m'mbuyo kudutsa imfa zisanu zija, mpaka pa mphindi imene iye ndi a Mphepo ankatuluka pakhomo. Anaika chala pa galasi.

"Umu mulibe mulu, asisi," anatero mofatsa. "Ndi mzere, ngati wa kuchigayo. Wofika poyamba ndiye amagayitsa poyamba."

Pamzere umene chalacho chinaloza panali adiresi ya Raymond, ndipo kumapeto kwake liwu lalifupi limene ngakhale mwana wa Sitandade 5 amalidziwa: sent. Inali kalata yoyamba kutuluka. Inachoka Elube asanakhale n'komwe pa mpando.

"Muibweze," anatero Elube. "Muuzeni kapitawo wanuyo aitsatire."

"Mphamvu zake zimathera pakhomo pano. Uko kuli kapitawo wina, wa eni ake, ndipo anasainira kale kuti walandira."

Elube anakhala pa bokosi la mapepala. Kunja wina ankaimba nyimbo ya Chilomwe ku shedi, mawu ake akubwera n'kumapita ndi mphepo.

"Amawerenga liti?" anafunsa Patuma.

"Akaweruka. Abwana ake akamulola. Mwina lero, mwina Loweruka."

Patuma anayang'ana wotchi. Inali itangopitirira 3 koloko. Anadzutsanso kapitawo, nambala n'kuyambanso kutsika, kenaka anaimirira n'kukankhira mpando kwa Elube.

"Lembani ina. Ikafika ikakhala pamwamba pa inzakeyo. Pa mutu pake mulembe kuti ayambe iyi."

Elube anatsegula tsamba loyera. Analemba dzina la Raymond, n'kuima. Anafufuta, n'kulilembanso.

"Munthu wanuyo ndi wotani?" anafunsa Patuma ali pa zenera. "Akauzidwa kuti usatsegule, amamvera?"

Elube anaganiza za Raymond, mmene ankasuzumira m'poto aliyense, mmene ankawerengera ngakhale nyuzipepala yokulungira usipa.

"Ayi," anatero.

"Lembanibe. Fulumirani, malume anu atuluka mu shedi."