Bokosi la Ba Joki

Bertha anamva fungo la parafini asanaone utsi. Anasiya mbale za pamaliro m'beseni n'kuthamangira kuseri kwa nyumba. Anapeza mlongo wake Bright atakhuthulira padzala zonse za m'bokosi lachitsulo la bambo awo. Panali patangopita masiku atatu chiwaikire m'manda.

"Iwe Bright, uchita chani?"

"Ba Sisi, imililani patali. Ba Pastor bakamba ati tishoke vonse." Ananyamula ndi kamtengo ubweya wakuda wolukidwa ngati chingwe. "Mwauona muchila uyu? Ndiye vamene vinatimanga ise. Ine seven years nilibe nchito, imwe chikwati chinasila. Muganiza ni vachabe?"

"Ni muchila wa hachi uyo, chipuba iwe!"

Bokosilo linali la Bwana Harcott, mzungu wachuma wa famu yaikulu ku Shimabala, amene ankaweta mahatchi a mpikisano. Pochoka m'dziko muno anatenga mfuti ndi agalu, koma makalata, zithunzi ndi mabuku a kukhola anasiyira wantchito wake, Lighton Mwanza, bambo a Bertha ndi Bright, ati adzatuma munthu. Munthuyo mpaka lero akubwerabe. Bambo anazisunga zaka makumi asanu kunsi kwa bedi, n'kumalimbana ndi chiswe ngati mmenemo muli chakudya cha ana.

Komboni yonse ya Nangongwe inkawaitana Ba Joki, ati wokwera mahatchi a mpikisano, ndipo silinali dzina laulemu. Mkulu wamatewe, wosesa m'fakitale, n'kumati anakwerapo hatchi yotchedwa Mphezi, nasiya azungu akudya fumbi ku Lusaka! Anthu ankawagulira mowa kuti abwereze nkhaniyo, kwinaku akutsinana kumbali. Bertha ali mwana ankaseka nawo, atakula anayamba kuchita manyazi. "Ba Tate, lekani boza pa bantu," ankatero. Iwo ankangoloza kuchipinda. "Zonse zili m'bokosi, mwanangu. Ukapeza nthawi ubwere uone." Nthawiyo sanaipeze ngakhale tsiku limodzi, ndipo ichi chinkamudya mumtima kuposa imfa yeniyeniyo.

Bright anaponya machesi.

Zithunzi ndizo zinayamba kupsa. Pa chimodzi Bertha anaona mutu wa hatchi ndi kamunthu kowonda kali pamsana pake, koma asanaone nkhope pepala linapindika n'kuda bii. Anapisa dzanja m'moto, natulutsa buku limodzi lachikuto cholimba, n'kulizimitsa ndi chitenje. Bright anali atatseka maso, akudzudzula mizimu yoipa mofuula kuti oyandikana nawo amve.

"Mwatenga chibanda na manja yanu," anatero atatsegula maso. "Musangene nayo munyumba buku iyo."

"Nyumba ni ya Ba Tate."

"Ba Tate benze baboza, Ba Sisi. Naimwe mwenze kukamba so."

Zinali zoona. Anakakhala panjerwa pafupi ndi mpopi, zala zikuwawa, n'kutsegula bukulo.

Linali buku la mipikisano, lolembedwa ndi inki m'dzanja lokongola la mzungu: tsiku, dzina la hatchi, ndi malo amene yathera. Mphezi, yoyamba. Mphezi, yachiwiri. Mphezi, yoyambanso. Hatchiyo inalembedwa ndi mtundu wake wonse, amake, abambo ake, mpaka agogo. Koma pamzere wa wokwera, tsamba ndi tsamba, bwana uja ankangolemba mawu amodzi: boyi. Zaka makumi asanu kulondera mapepala a munthu amene sanavutike n'kukulemba dzina!

Atayandikitsa bukulo kumaso m'pamene anaona za pensulo. Pamwamba pa boyi aliyense panali tizilembo ting'onoting'ono. Mawu a mzungu sanafufutidwe ngakhale amodzi, poti bukulo linali la eni ake. Bambo sanapite kusukulu ali mwana. Anayamba ya akuluakulu kutchalitchi imvi zili mbuu, ndipo ana awo anasekanso zimenezo.

Patsamba loyamba zilembo zinali zopendekeka, zina zoyang'ana kumbuyo, dzina lothera panjira. Bertha anapitiriza kutsegula, phulusa likumugwera pamiyendo. Chapakati pensulo inali itasiya kuboola pepala. Patsamba lomaliza, m'mphepete mwa popserera, dzanja linali litakhazikika. Panalembedwa Lighton Mwanza, lonse lathunthu, lowongoka, ndi kamzere kunsi kwake.