Malo Achitatu Pakati pa Miyala

Keziah anagwada pabwalo panga m'mawa wa Lachiwiri, ine ndikusenda chinangwa choti ndikaviike. Sindinamupatse mpando. Mkazi wa mng'ono wanga, mayi wa imvi, amene zaka makumi atatu ankandilonjera nkhope itayang'ana kumbali, tsikulo mawondo ake anali m'matope.

"Alamu, Nathaniel akubanika. Amuika timapaipi m'mphuno. Adokotala akuti mubwere."

"Ndidzatani? Ndine wansembe?"

"Akufuna magazi anu."

Ndinaseka mpaka chifuwa chinandikumbutsa kuti nanenso ndinali nditangodzuka kumene. Munali mu Januwale, nthawi ija korona anali ataoloka nyanja n'kufika pa Likoma. Ine anandigwira Khirisimasi isanakwane. Ndinagona milungu iwiri ndekha m'nyumba muno ku Mbungo, phala osalimva kukoma, ngakhale fungo la usipa woola osalimva. A kwa Nathaniel sanaponde pano. Moni wawo unkabwera ndi anthu odutsa panjira. Nditachira, anthu ofufuza ochokera kumtunda anaitana tonse amene tinadwala, natitenga magazi m'timabotolo. Ndinalola chifukwa ankapereka sopo.

"Dzuka, ukudetsa chitenje," ndinamuuza Keziah. "Ndimva ndekha mawa."

Lachitatu ndinayenda wapansi mpaka ku Chipyela. Amene anandilandira kuchipatala anali mayi wachichepere wa ku Mzimba, dzina lake Jacqueline, wolankhula Chichewa chopendekera ku Chitumbuka. Anandikhazika pabenchi, iye n'kukhala patali, chansalu chili pakamwa.

"Bambo Oswald, matenda akalowa, thupi limatulutsa asilikali. Alipo a mitundu ingapo, koma ife tikuyang'ana iwiri. Oyamba amafika msanga, amamenya chimenyemenye, sachedwa kutha. Achiwiri amafika mochedwa, koma mdani amamudziwa nkhope, ndipo amakhalitsa miyezi. Mwa anthu makumi anayi amene tayeza, inu muli ndi achiwiriwa ambiri kuposa wina aliyense. Gulu la magazi anunso ndi lomwelo la ang'ono anu."

"Kale opopa magazi ankabwera mozemba," ndinatero. "Masiku ano amavala zoyera, n'kumagawa sopo."

Sanakwiye. Ndinamuda chifukwa cha chimenecho.

"Thumba limodzi lokha la magazi, bambo. Timalipachika mufiriji usiku wonse. Ofiira amadikha pansi, pamwamba pamatsala madzi achikasu, ndipo asilikaliwo ali m'madzimo. Sindikulonjeza kuti achira, tikungoyesa. Koma zikathandiza, zimathandiza matenda asanazike mizu. Ndi lero."

"Mwati amakhala miyezi."

"Mwa inu amakhala. Mapapo a ang'ono anu ndiwo sadikira."

Lero wa anthu a boma ndimamudziwa. Anatiuza lero za mpope wa madzi, tinadikira mpaka ana obadwa chaka chimenecho anayamba sukulu. Ine ndine mlimi wa chinangwa, ndipo chinangwa sichithawa m'munda. Umakumba tsiku limene wafuna. Ndinaona kuti asilikali anga ali chimodzimodzi. Kwa nthawi yoyamba chibadwire, ndinali ndi chinthu m'munda mwanga chimene mwa Nathaniel munalibe.

Bambo athu anali mmisiri wa miyala, wokonza makoma a tchalitchi chachikulu. Iwo ndi amene anandichotsa sukulu ndili Sitandade 5 kuti ndizikoka makoka, Nathaniel n'kupitirira mpaka anakhala mphunzitsi. Izo ndinameza. Chimene chinandikakamira pakhosi ndi china. Manda a kwathu ali pamiyala, moti kukumba kwake ndi kwa nyundo ndi chitsulo. Bambo ali ndi mphamvu anaswa okha malo atatu moyandikana, pansi pa mlambe, nawazinga ndi timiyala toyala bwino. Amodzi awo, ena a amayi. Achitatu, pomwalira, anatchula pamaso pa abale onse kuti ndi a Nathaniel. Ine woyamba kubadwa, amene ndinkawanyamulira nyundoyo, ndinali nditaima pomwepo ndi kapu ya madzi awo m'manja.

Keziah ankandidikira pansi pa mtengo panja pa chipatala.

"Ukamuuze mwamuna wako," ndinatero, "kuti malo achitatu aja andisiyire. Anene yekha, pamaso pa mboni. Akatero, dzanja ili nali."



"Munthu akulimbana ndi mpweya, ine ndikamuuze za manda?"

"Ndikufuna asawalowe msanga. Cholakwika n'chiyani?"

Lachinayi Keziah sanamuuze Nathaniel. Anabwera kwathu akukoka mbuzi yaikazi ya bere, naimangirira pamtengo wa mango. Ndinaimasula ndekha n'kumubwezera chingwe m'manja. Lachisanu anabwera ndi pepala lolembedwa kuti Nathaniel wavomera, dzina lake lili pansi. Sukulu yanga ndi yochepa, koma dzanja la mng'ono wanga ndimalidziwa. N wake amakhala ndi mchira ngati wa nyani. Uyu analibe.

"Walemba ndiwe," ndinamuuza. "Mkazi wa aphunzitsi, wa Chigwirizano cha Amayi, kunamiza nkhalamba."

"Alamu, dzanja lake silikugwira cholembera. Milomo yada. Kodi mukufuna ndichite chiyani?"

"Pakamwa ali napo."

Tsiku lomwelo Jacqueline anayenda yekha mpaka ku Mbungo, nsapato zake zoyera zitafiira ndi dothi. Ndinamuona ali chapatali, ndinatseka chitseko. Anagogoda, naitana dzina langa kanayi. Ndinakhala phee pamphasa, ndikudzisisita mkono, ndikumva asilikali anga akuyendayenda m'kati.

Loweruka m'mawa Keziah anabwera ndi a Cyprian, mkulu wa mpingo, mnzathu wakale wa pamakoka. A Cyprian sanandipatse moni.

"Tiye, Oswald. Ukamve zimene ukufunazo. Mulungu akumvanso."

"Amve. Pamene bambo ankagawa analipo, sanayankhule."

M'chipinda cha odwalawo sankalola munthu kulowa. Tinaima panja, pazenera la waya. Bedi la Nathaniel linali pafupi, botolo lalikulu la mpweya lili chilili kumutu kwake. Ndinali ndisanamuone pafupi kwa zaka zinayi. Anali atachepa ngati mwana, mapewa akukwera ndi kutsika ngati munthu wopalasa bwato pa mphepo ya mwera. Keziah anamufotokozera kudzera pawaya, mawu ake ali ouma.

Anatembenuza mutu, nandipeza. Ndinkayembekezera kuti atukwana, kapena alira. Anamwetulira.

"Achimwene... mwabwera."

"Wamva zimene wanena mkazi wako?"

"Tengani." Anapuma kangapo. "Tengani, achimwene. Koma bambo... bambo anayeza..."

Chifuwa chinamudula. Namwino anathamangira pabedi, natiuza kuti tichoke pazenera.

"Mwamva, a Cyprian?" ndinafunsa.

"Ndamva," anatero, nalavula pambali pa phazi langa.

Masana omwewo ndinagona pabedi la chipatala, Jacqueline n'kundibaya singano yaikulu ngati yosokera matumba. Ndinaonerera thumba likufufuma pang'onopang'ono, lakuda, lofunda. Atalichotsa ndinafunsa ngati sopo alipo. Anatsegula kabati, natulutsa umodzi, nauika pachifuwa panga osandiyang'ana.

Nathaniel anamwalira Lamulungu m'mawa, belu la tchalitchi chachikulu likuitana anthu ku Misa. Nditafika kuchipatala, Jacqueline anandiitanira m'kachipinda ka firiji, natulutsa thumba langa. Linali litagawikana monga ananenera: pansi pofiira, pamwamba madzi achikasu ngati tiyi wopanda mkaka.

"Asilikali anu awa, bambo. Akonzeka tsopano."

"Akanachira ndikanabwera Lachitatu?"

"Sindikudziwa. Palibe amene adzadziwe. Inunso simudzadziwa."

Madziwo anapatsa wamalonda wina wa ku Mozambiki amene anali atangogonekedwa kumene. Patatha mlungu anatuluka akuyenda yekha, nakwera bwato kubwerera kwawo. Dzina langa sanalifunse.

Maliro a matenda amenewo sankagona. Ndinapeza Keziah atakhala pakhonde la chipatala, amayi anzake atamuzinga motalikirana. Ndinaima patsogolo pake chipewa chili m'manja.

"Mlamu, malo aja muikeni momwemo. Ndabweza."

Sanakweze mawu.

"Iyayi, alamu. Mwagula ndi magazi anu, mboni ilipo. Ndi anu. Mudzagonepo."

Anamuika kumapeto kwa manda, kumene kulibe mthunzi. Amuna asanu ndi mmodzi anaswa mwala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo aliyense wa iwo ankadziwa kuti pansi pa mlambe pali malo ofewa, oswedwa kale, ongofuna khasu. Pamene ndinatambasula dzanja kuti ndilandire nyundo, anaipatsirana modutsa ine.

Papita zaka tsopano. Keziah tikakumana panjira ya ku Khuyu amandilonjera bwinobwino, maso ali pa ine, mpaka ine ndi amene ndimayang'ana kumbali. Sopo uja sindinasambire; ali pawindo, wang'ambika ndi dzuwa.

Malo anga ndimakapalira Loweruka lililonse. Tsiku lina, nditazula udzu wonse, ndinayang'ana uku ndi uku, kunalibe munthu. Ndinavula nsapato, ndinagona chagada pakati pa timiyala ta bambo, mutu kufupi ndi tsinde la mlambe, manja pachifuwa. Nathaniel anali wamfupi, anatengera amayi. Ine ndinatengera bambo. Mapewa anapanikizika mbali zonse ziwiri, ndipo miyendo yanga, kuyambira m'akakolo, inatulukira kunja, zidendene zili pamwamba pa mwala umene bambo sanauswe.