Mbalame ya Pakhoma la Shopu

"Ayi, zimenezi ndithana nazo ndekha," anatero a Pasipoti akudziguguda pachifuwa pakhomo pa shopu ya malemu bambo awo. "Ine ndalowapo m'maofesi oti ukasuzumira pawindo ndege zimadutsa pansi pako. Ndiye kaofesi ka mabasi kandivute?"

Dzina la Pasipotili anawapatsa ndi abale awo omwe, chifukwa munthuyu sankamaliza nkhani osatchula dziko lina. Anachoka pakhomo ndi kachikwama kamodzi, nayamba ndi kugulitsa matayala akutha, ndipo lero anali ndi malole awoawo odutsa malire usana ndi usiku. Maliro a bambo awo anawayendetsa okha ngati mphepo: bokosi lonyezimira, matenti, zokuzira mawu zomveka mpaka kuseri kwa msika. Chimene sanachiyembekezere ndi mkulu wina wochokera ku kampani ya boma ya mabasi, amene anafika matenti asanatsitsidwe n'komwe, napepesa maliro mwaulemu, kenaka n'kuloza pakhoma la shopu.

Pakhomapo panali mbalame yobiriwira yotambasula mapiko, yomwe ija imaoneka pa basi iliyonse ya boma. Malemu ndiwo anaijambula koyamba, kalekale akugwira ntchito yopenta kukampaniko. Atapuma pantchito anatsegula shopu yolemba zikwangwani, najambula mbalame yawoyo pakhoma, yaikulu kuposa chitseko. Tsopano kampani inali italembetsa mbalameyo mwalamulo kuti ndi chizindikiro chake, ndipo inkafuna kuti yapakhomayo ifufutidwe. Apo ayi, nkhani ikathera kukhoti.

"Achimwene, mukalankhule bwinotu," anatero mlongo wawo, amene ankapenta limodzi ndi malemu ndipo shopu inatsala m'manja mwake. "Musakayambe za ndege zanuzo."

"Iwe zisakaniza penti yako. Za maofesi utisiyire ife."

Kuofesiko anawakhazika pabenchi yolimba, pafupi ndi mulu wa mipando yothyoka ya m'mabasi. Suti yawo yogula kunja inaoneka ngati yasochera. Atawaitana, anapeza kuti loya wa kampaniyo anali mayi wachikulire wa magalasi, ndipo kumbuyo kwake kunali mbalame ija m'felemu.

"Pepani ndi zovutazi," anatero mayiyo. "Bambo anu ndinkawadziwa. Ankandipatsa moni ndi chigongono chifukwa m'manja munali penti yokhayokha."

"Eya! Ndiye mukudziwa kuti mbalame imeneyo ndi yawo!"

"Anaijambula ali pantchito, ndi penti ya kampani. Lamulo likuti ndi ya kampani."

A Pasipoti anayamba kufotokoza za mzinda wina kumene amisiri otere amawamangira zipilala pakati pa msewu. Mayiyo anawamvetsera mpaka anamaliza okha.

"Bambo, kuli anthu akusindikiza matikiti abodza okhala ndi mbalame yomweyi. Ena aipenta pa maminibasi awo akuthaitha, anthu n'kumakwera poganiza kuti ndi galimoto za boma. Tikawatengera kukhoti, loya wawo amatulutsa chithunzi cha shopu yanu n'kutifunsa kuti nanga awa mukuwasiyiranji. Tiyankhe chiyani?"

"Ndiigula basi! Ya pakhoma pokhapo!"

"Sigulitsidwa. Ngakhale ineyo sindingakupatseni, si yanga."

A Pasipoti anaimirira nayandikira felemu ija. Nkhope yawo inawala.

"Taonani diso ili! Lanu ndi lozungulira bwinobwino, la pakompyuta. Bambo diso sankalijambula ndi bulashi ayi. Ankaviika chala chachikulu m'penti yakuda n'kudinda. Si mbalame imodzi imeneyi!"

Mayiyo anavula magalasi napukuta m'maso.

"Zimenezo ndikuzidziwa. Koma munthu wodutsa pamsewu sayang'ana diso. Amangoona mbalame."

Panja, a Pasipoti anatulutsa foni. Munali manambala a akuluakulu a m'madoko, eni mahotela, madalaivala a mayiko asanu. Anawayang'ana onse kuyambira pamwamba mpaka pansi, naibweza foniyo m'thumba.

Atafika kushopu dzuwa litapendeka, anapeza mlongo wawo atatsegula kale chitini cha penti yoyera. Amayi awo anali atakhala pa kampando ka malemu, kamene miyendo yake inali ndi madontho a mitundu yonse.

"Mwathana nazo, achimwene?"

A Pasipoti anapukusa mutu, ndipo mlongo wawoyo, amene tsiku lina akanaseka mpaka kugwa, sanaseke. Anangopitiriza kutakasa penti ndi kamtengo.

"Bweretsa kuno," anatero a Pasipoti akuvula jekete. "Ndipenta ndine. Tingomaliza msanga, anthu asayambe kusonkhana."

Anaviika bulashi yaikulu naikweza.

"Taika pansi chimenecho, mwananga," anatero amayi.

Anadzuka pang'onopang'ono atagwira bondo, nalowa kuseri kwa shopu. Anabwerako ndi beseni la madzi, sopo, ndi malaya akale a malemu ong'ambika pakhosi.

"Bambo ako afufuta zikwangwani zambiri za anzawo. Munthu akagula sitolo ankawaitana kuti achotse dzina la mwini wakale. Koma sankapaka penti pa ntchito ya mnzawo ili ndi fumbi. Ankayamba aitsuka kaye, anthu aione komaliza ili yowala."

"Ankati n'chifukwa choti penti sigwira pafumbi," anatero mlongo uja motsitsa mawu.

"Ankakuuza iweyo zimenezo," anatero amayi.

Amayi anaviika malayawo m'madzi nayamba kutsuka mchira wa mbalame. Mtundu wobiriwira unatuluka ngati wapakidwa dzulo. Anatsuka miyendo, anatsuka chifuwa, koma pamapiko dzanja lawo silinafike ngakhale atanyanyamphira.

A Pasipoti anasiya bulashi pa chitini nalandira nsanzayo. Madzi a sopo anatsikira m'manja mwa shati yawo yodula mpaka m'khwapa, koma sanapinde n'komwe. Anatsuka phiko lina, kenaka linzake. Pamsewu panadutsa basi ya boma, dalaivala n'kuliza hutala monga ankachitira malemu ali moyo, ndipo palibe anatembenuka.

Atafika padiso anachepetsa dzanja. Fumbi litachoka, mizeremizere ya chala inaonekera m'penti yakudayo. A Pasipoti anafinya nsanza, napukuta mozungulira disolo mosamala, ngati mmene umapukutira nkhope ya munthu wodwala.

Chitini cha penti yoyera chinali chikudikirabe pansi, chotsegula.