Mchira wa Mausi

Makoswe a kwa Tengani alibe chibale. Loweruka ndi Lamlungu adalowa mu ofesi ya aphunzitsi nadula mchira wa mausi ya kompyuta pakati penipeni, ngakhale kanthuko anthu amakatchula mbewa, mbale wawo.

Lorenso, mphunzitsi wa sitandade 6, adaima ndi kachingweko m'manja thukuta lili kamukamu. M'kompyutamo mudali mawu a malemu mayi ake akuimba pamtondo, ndipo kwina kulikonse kudalibe, poti foni yomwe adajambulira idapita ndi madzi osefukira. Tsono Lachisanu, pochotsa mayeso akale, adataya nyimboyo pamodzi ndi mayesowo. Adadziwa kuti ili m'bini ya kompyuta, ndipo kuti kuibweza n'kudina batani la kumanja la mausi basi. Koma mausi yatsopano idali kutali ku boma, chonsecho mayi ake aang'ono adali atawoloka kale Shire kuchokera ku Mozambiki, kudzamva mawu a mchemwali wawo pa mwambo wa chiliza masana omwewo.

Adabaya mabatani mwachisawawa, kenaka adaitukwana kompyutayo m'Chisena.

"Yakulakwirani chiyani, aphunzitsi?"

Adali mayi Otilia, mphunzitsi wosaona wa sitandade 8, atakhala pakona ndi ndodo yawo yoyera. Zaka zitatu Lorenso ankawapatsa moni mokuwa ngati vuto lili m'makutu, n'kumawamvera chisoni chomwe iwo sadapemphe. Adawafotokozera mwachidule, mwaulemu chabe.

"Tasunthani," adatero iwo.

Adakhala pampando, napapasa mabatani mpaka zala zolozera zidapeza timizere tiwiri totukuka pa F ndi pa J. Lorenso adali atagwira mabataniwo kosawerengeka, koma timizereto sadatidziwe. Mayiwo adakanikiza mabatani atatu pamodzi, ndipo kompyuta ija idayankhula! Idayamba kutchula m'Chingerezi chilichonse chomwe iwo afikapo, mothamanga ngati wogulitsa thonje pamsika, iwo akungogwedeza mutu. Lorenso tsitsi lidamuima.

Mayi Otilia adalowa m'bini, natsika ndi batani la kamuvi mpaka makinawo adatchula dzina loti Mama.

"Ndi iyi?"

"Ndi yomweyo, amayi. Koma popanda batani la kumanja..."

"Mausi ija n'njanu, anthu a maso. Ine chiyambire sindidaigwirepo. Bweretsani dzanja."

Adamugwira chala chimodzi nachiika pa Shift, china pa F10 m'mzere wa pamwamba. "Gwirani chapansichi osasiya, mugogode chapamwambacho."

Kabokosi kadangoti tulukiru! pagalasi, komwe kaja kamabwera ndi batani la kumanja, mawu obwezera ali pamwamba. Lorenso adayang'ana zala zake, nayang'ana mausi yakufayo. Chitseko chidalipo masiku onsewa, pansi pa manja ake, ndipo yemwe adamuonetsa sadaonepo galasilo.

Atabweza nyimboyo, mayi Otilia adaitsegula. Mudamveka musi ukugunda mapira, nkhuku chapatali, kenaka mawu a mayi ake, opyapyala, akukwera ndi kutsika ndi musiwo. Lorenso adali ataimvera nyimboyi kambirimbiri, ndipo nthawi zonse inkamupweteka, chifukwa adaijambula mayiwo atayamba kale kudwala. Iye ankangomvamo matendawo.

Mayi Otilia adapendeketsa mutu, namvetsera mpaka kumapeto.

"Mudawachita chiyani mayi anu tsiku limeneli?"

"Ine? Palibe. Ndidangoima ndi foni."

"Ayi, akukusekani. Akuimba akumwetulira, mawuwo akutulukira m'mbali mwa kamwa. Simukumva?"

Adaibwereza. Lorenso adayang'anitsitsa pagalasi, koma padali kamzere koyenda basi. Ndiye adatsinzina. Ndipo adawaona mayi ake, mpango utapendekeka, gaga m'nsidze, akumuseka mwana wawo mphunzitsi yemwe adaima padzuwa ndi kafoni m'malo mogwira musi.

"Takhuta, amayi," adathokoza mayi Otilia m'Chisena chapansipansi, koyamba osawakuwira.

Belu lolowera m'kalasi lidalira, koma iye maso adali chitsinzinire.